Nyimbo Imene Inalowetsa Mwana Wanga

Pa kicheni pate yanga, kalekale kuno ku Kitwe, sipanamveke nyimbo ya Chichewa ndi imodzi yomwe. Ili ndi phwando la amayi okhaokha limene timachitira mtsikana ukwati ukayandikira. Amalowa atafunditsidwa chitenje mpaka kumapazi, ng'oma zikulira, mlangizi akumutsogolera. Amayi a ng'oma omwe tinawaitana anali Abemba, monga zimakhalira kuno, ndipo anaimba bwino, sindinganame. Koma mayi anga, omwe anabadwira cha ku Katete n'kubwera kumigodi potsatira bambo, anakhala pampando tsiku lonse manja ali pamiyendo. Anthu atabalalika, akupinda zitenje, anangoti, "Walowa ngati mwana wopanda kwawo."

Sanakalipe ayi. Koma mawuwo ndinawasenza mpaka mayi analowa m'manda, ndipo ndinalumbira kuti mwana wanga wamkazi sadzalowa choncho.

Kulumbira sikuvuta. Chovuta chinali chakuti ine ndi mkulu wanga, amene amakhala ku Itawa ku Ndola, nyimbo zakwathu tinkangodziwa zidutswa. Za kutchalitchi tikhoza kukuimbirani buku lonse osatsegula, koma mkwatibwi simungamulowetse ndi nyimbo ya pa mgonero.

Ndimasoka zovala pamsika. Nditagula foni ya intaneti ndinaipezera malo pamakina, ndikuitsamiritsa pa kachitini ka mabatani, ndipo pomwepo ndinagwidwa matenda a mavidiyo. Mkulu wanga anadwala nawo sabata yomweyo. Tinayamba mpikisano wosauzana. Iwo akanditumizira kwaya ya ku Chipata, ine ndimabweza ndi oimba gitala a ku Malawi. Akalemba kuti "Tamvera iyi," ine ndimayankha kuti ndinaimva kale, ngakhale ndisanaitsegule. Sindigonja msanga ine, ndipo iwo amadziwa. Makasitomala ena ankabwera kudzayesa diresi n'kuchoka ndi nyimbo zitatu m'foni zomwe sanapemphe.

Tsiku lina ndikusoka mkono wa bulauzi, foni inangodzipitira yokha pa vidiyo ina. Anali amayi a kumudzi pansi pa mtengo wa mango, akuwomba m'manja, ng'oma ziwiri pambali. Wojambulayo dzanja linkanjenjemera, chala chake chitaphimba ngodya imodzi, ndipo pakati pa nyimbo mbuzi inadutsa pamaso pa kamera osafulumira n'komwe. Ndinatsala pang'ono kuipitirira. Kenaka wotsogolera anakweza mawu, anzake n'kuvomera, ndipo ndinazindikira kachidutswa kamene mayi ankang'ung'udza akamachapa. Inali nyimbo yoperekeza mtsikana kubanja, yomuuza kuti apite bwino, akalemekeze kumene akupita, koma asaiwale kuti anachokera pakhomo pa anthu. Ndinasokera mkono wa bulauzi kukhosi. Sindinadandaule.

Ndinaitumiza ku Ndola. Mkulu wanga, omwe amaumira kuimba foni ngati kuti mawu amagula pa sikelo, tsiku limenelo anaimba okha. "Iwe, waipeza kuti?" anafunsa. Sindinayankhe msanga, ndinafuna amve kaye kuti ndawapambana. Kenaka tonse tinalira.

Mwana wanga ndiye anali nkhani ina. Anakulira m'Chibemba cha kusukulu ndi m'misewu, n'kukawonjezera Chingerezi ku yunivesite ku Riverside. Ndikamulankhula m'Chinyanja amamva zonse, koma yankho nthawi zambiri limabwera m'chinenero china. Mavidiyo ndinkamutumizira pafupifupi tsiku lililonse, iye n'kumabweza kachithunzi ka chala cham'mwamba, basi. Ndikamufunsa ngati waonera ankati, "Mami, ma bundles. Nizaona." Ya mbuzi ija ndinamutumizira kangapo, yankho n'kukhala chala chomwecho. Zinkandiwawa, ndipo ndinafika pokhulupirira kuti nyimbo zathu amachita nazo manyazi.

Ndiye anabweretsa mnyamata, Mubemba wa ku Nkana West, waulemu, wochokera m'banja labwino. Sindinatsutse. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma tsiku la kicheni pate litadziwika ndinayamba kukonzekera nkhondo yanga mwakachetechete. Vidiyo ija ndinaitumiza kwa amayi a kutchalitchi kwathu, akum'mawa anzanga olankhula Chinyanja, ndipo tikatha mapemphero a pakati pa sabata tinkatsalira kuseri kwa tchalitchi, foni ili pakati, tikuibwereza mpaka batire kutha. Mkulu wanga ankaphunzirira kwawo n'kumanditumizira mawu awo ojambula, ati ndiwakonze, koma ndikawakonza ankakwiya. Ndinatumizanso kwa mtsogoleri wa amayi a ng'oma, mayi wonenepa wa nthabwala amene ndamusokerapo zovala zambiri. Anamvetsera mutu uli pambali n'kunena kuti, "Awe mayo, iyi ng'oma iyenda mosiyana. Koma tizayesa."

Mwana wanga nditamuuza za nyimboyo anangoti, "Tizaona, mami," maso ali pa foni yake. Sanavomere, sanakane.

Tsikulo linafika. Tinamanga tenti pabwalo la nyumba ina ku Nkana West, amayi atadzaza, mbali yathu titavala chitenje chofanana chimene ndinasoka ndekha. Mkwatibwi anaonekera pageti atafundidwa, mlangizi ali patsogolo. Ng'oma zinalira. Koma manja amatsata chimene anazolowera. Amayi aja anayamba nyimbo yawo ya Chibemba imene amalowetsera mkwatibwi aliyense, akuchimuna n'kuilandira ndi nthungululu, bwalo lonse gwedegwede. Ndinayang'ana mtsogoleri uja, iye maso ali kumwamba, thukuta kamukamu, ataiwaliratu. Kuimitsa ng'oma pamaso pa apongozi a mwana wako ndi chipongwe chimene anthu amachikumbukira mpaka ubatizo wa zidzukulu. Ndinakhala pansi. Nditayang'ana, ndinapeza manja anga ali pamiyendo, ndendende mayi anga.

Mkwatibwi anayenda pang'ono n'kuima. Palibe anadabwa, chifukwa mwambo wake ndi womwewo: amaima kuti anthu amufupe, akafupa ndiye amasuntha. Amayi anadzuka n'kuponya ndalama pamapazi pake. Sanasunthe. Anabwera azakhali a mnyamata, akuvina, n'kuponya zawo. Sanasunthe. Anadzuka mayi a mnyamata enieniwo, zomwe zimayendetsa mkwatibwi aliyense, koma mwana wanga anangoti njo ngati mtondo. Mlangizi anamukoka chitenje mochenjera, osatheka. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona kuti ana ophunzira ndi onyada. Ng'oma zinayamba kuzilala, ine manyazi atandigwira mpaka m'makutu.

Mkwatibwi saloledwa kulankhula pagulu tsiku limenelo, ngakhale kumwetulira. Choncho mlangizi analowetsa mutu wake m'chitenje muja. Atatuluka anabwera molunjika kwa ine n'kugwada.

"Akuti sazayenda mpaka mumuimbile nyimbo yake," anatero.

"Nyimbo iti?"

"Akuti muiziba. Ija ya mbuzi."

Mkulu wanga anandigunda ndi chigongono. "Nyamuka iwe. Si ndiwe unaipeza?"

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinaimirira, ng'oma zitati zii, amayi onse aja akundiyang'ana, ndipo ndinaiyamba. Ndinaiyambira pamwamba kwambiri, mawu n'kuthyoka ngati a tambala wamng'ono. Koma mkulu wanga anavomera, amayi a kutchalitchi n'kulowa onse pamodzi ndi m'manja mwawo, monga tinkachitira kuseri kuja. Mtsogoleri wa ng'oma anagwira pakamwa pokumbukira, n'kupendeketsa mutu, kufunafuna ndi zala, mpaka anaipeza. Pamene tinkaibwereza kachiwiri, mwana wanga anaponya phazi.

Ndinamuimbira kuchokera pageti mpaka pamphasa. Mayi a mnyamata, osadziwa liwu ndi limodzi lomwe, anamanga chitenje m'chiuno n'kudzavina pambali panga. Ndinanyada tsiku limenelo, ndipo sindibisa. Ndinanyadira mwana wanga, ndinanyadira amayi osawadziwa aja a pansi pa mango, ndipo ndinadzinyadira ndekha, ine amene anthu ankanditi ndimawathera mabandulo.

Patapita masiku ukwati utatha, ndili pamakina, foni inalira. Inali vidiyo yochokera kwa mwana wanga, yoyamba kunditumizira chibadwire. Mnzake wina anajambula kulowa kuja. Pansi pake analemba m'Chinyanja chake chokhotakhota kuti, "Tamverani iyi. Koma mami munayambila pamwamba maningi."

Ndinaionera ndikuseka mawu anga othyoka aja. Pobwereza ndinasiya kudziyang'ana ndekha n'kuyang'ana mkwatibwi. Wojambulayo anali pafupi, ndipo chitenje chinkaoneka bwino pamene chinakhudza nkhope. Pakamwa pake nsaluyo inkalowa ndi kutuluka, motsatana ndi mawu athu, kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza. Mlangizi akanaona akanamutsina.

Ndinaitumiza ku Ndola osalembapo kanthu, kenaka ndinaitsamiritsanso foni pa kachitini ka mabatani n'kuiyambitsa poyamba.