Mwana wa Sikelo

Sabata ino ndatopa, abale, ndipo wanditopetsa ndi munthu amene anamwalira ine ndisanabadwe.

Malungo atandigoneka masiku atatu, ndinatola kabuku kakale ka Chinyanja, kaja tinkakaloweza ku sekondale kuti tingokhoza mayeso. Ulendo uno ndinakawerenga ndi mtima. Ndi nkhani ya mayi wothyola tiyi, dengu kumsana, mvula ikumupanda tsiku lonse. Ndinalira, sindikubisani. Pachikuto analemba kuti mlembiyo anali wa kwathu konkuno, cha ku Goliati. Loweruka ndinakwera kabaza kukafuna kwawo.

Dzina la pachikuto ndinalitchula pamsika, pachigayo, ngakhale patchalitchi. Onse kumangopukusa mitu. Mkulu wina wosoka nsapato ndiye anandifunsa ntchito imene munthuyo ankagwira. Ndinati pachikuto analemba kuti anali kalaliki ku esiteti ya tiyi.

"Aaa! Mukunena Sikelo?" Analavulira pansi. "Bwanji osanena kale?"

Ndinaiwala kuti kuno dzina la ubatizo limathera pakhomo la tchalitchi, la kuntchito ndilo umapita nalo kumanda. Sikelo ndiye ankayeza masamba. Mvula ikagwa ankati tiyi wanyowa, n'kudula makilo. Amayi athyola kuyambira mbandakucha, iye ndi cholembera kwee! Wandiliza ine uja ndi ameneyu?

Mkuluyo anandilozera kwa mwana wa Sikelo, mayi Esitere, amene nawonso anathyola tiyi mpaka msana kupindika. Ndinawapeza akusenda chinangwa. Nditawaonetsa bukulo, sanalikhudze n'komwe.

"Achimwene, ine sukulu ndinalekezera sitandade thu. Timangomva kuti bambo analemba buku. Kumunda anzanga ankandithawa, ati mwana wa Sikelo akatinenera. Mpaka lero adzukulu anga akuwatchula choncho." Anaika mpeni pansi. "Tandiuzani zoona. M'menemo akutinyoza ife othyola?"

Ha! Zaka zonsezi mayiyu akuopa buku la bambo ake omubala.

Mlandu suoladi. Koma ife ophunzira, kodi tilibe mlandu? Timayankha mafunso a mayeso, timatamanda chilankhulo chokoma, kenako buku pa shelefu, chiswe n'kumadya. Palibe mmodzi wa ife, ngakhale ineyo, anaganizapo zokaliwerengera anthu amene alimo.

Ndinakhala pakhonde n'kuwawerengera mutu wachisanu. Mmenemo kalaliki wa m'nkhaniyo wadula makilo a mayi uja chifukwa bwana wamuimirira kumbuyo. Kalalikiyo afika kunyumba, asamba m'manja, koma chakudya chikana kudutsa pakhosi.



"Ndiye chifukwa chake," anatero mayi Esitere motsitsa mawu. "Mvula ikagwa bambo sankadya. Amayi ankati mwina ali ndi chibwenzi kumene akudyako."

Musandifunse ngati Sikelo anali munthu wabwino. Njala yake ya dala sinabweze kilo ndi imodzi yomwe, ndipo ana a amayi aja anagona ndi njala yeniyeni. Ine mutu wandikulira.

Ndikutsanzika, mayiwo anandigwira mkono. Akufuna Lamulungu likudzali ndikawerenge mutu womwewo patchalitchi, pamaso pa amene anawathawa moyo wawo wonse.

"Akakhululuke kapena asakhululuke," anatero, "bola amve."

Ndavomera, koma mtima uli m'mwamba. Inu mukanakhala mwana wa mayi wodulidwa makilo uja, mukanakhala pansi mpaka ndimalize kuwerenga?