Mpando wa Bambo a Mkwatibwi

Wometa uja ankatchedwa Katswiri, dzina lomwe anadzipatsa yekha n'kulilemba ndi penti pakhomo la shopu yake. Anali ndi ana asanu mwa akazi anayi, koma banja sanalilawepo. Ankati ukwati ndi wa anthu achikale. Akamameta munthu, makina akulira kukhutu, ankalangiza ngati anachita kupitira sukulu: "Mkazi musamamuzoloweze, achimwene. Muzingoonekera mwa apo ndi apo, azikusowani."

Iye kuonekera kwake kunali kwa pafoni. Tsiku lobadwa la mwana likafika, ankapempha chithunzi kwa mayi wake n'kuchiika pa intaneti ndi mawu akuti "magazi anga". Chaka china anasokoneza zithunzi, nayamikira mwana wa eni.

Mwana wake woyamba, wamkazi, analeredwa ndi wokonza mipope wina wofatsa, yemwe anakwatira mayi a mtsikanayo mwanayo ali ndi zaka zitatu. Katswiri ankamutcha bamboyo "wondisungira katundu".

Atamva kuti mtsikanayo akukwatiwa, anatseka shopu masiku awiri, kuloweza zokalankhula. Anabwereka suti, nadzimeta bwinobwino, n'kufika kuholo anthu atakhala kale. Analunjika kutebulo lakutsogolo, pomwe panali kapepala kakuti "Bambo a mkwatibwi". Pampandopo panali wokonza mipope uja, jekete ikumuthina m'mapewa.

"Pepani akulu, mwakhala pamalo panga," anatero Katswiri.

Bamboyo, posafuna phokoso, anayamba kudzuka, koma mkwatibwi anamugwira dzanja.

"Khalani, ababa." Kenako anatembenukira kwa Katswiri. "Takulandirani. Malo a alendo ali uko."

"Ine mlendo? Ukumudziwa amene anakubereka iwe?"

"Ndikumudziwa. Tandiuzani, ndinali kalasi yanji pamene ndinathyoka mwendo? Mukakhoza, mpandowu ndi wanu."

Katswiri anayang'ana kudenga, nayang'ana miyendo ya mwana wakeyo.

"Unathyoka mwendo?"

Anakamukhazika kumbuyo, pafupi ndi khomo la kukhitchini, pakati pa anzake a mkwati, omwe anamufunsa ngati ndiye woyendetsa galimoto ya akwati. Manyazi sanamuletse kudya. Anamaliza mbale ziwiri. Anajambula akwatiwo ali patali, chithunzi n'kutuluka mitu ya anthu yokhayokha, komabe anachiika pa intaneti: "Lero ndapereka mwana wanga."

Lolemba anatsegula shopu ali ndi nkhani yatsopano, yoti ana a masiku ano alibe ulemu, ndipo amawawononga ndi amayi awo. Amene anali pampando tsikulo anali mphunzitsi wina yemwe paukwatipo analipo. Anamvetsera pang'ono n'kungoti, "Metani kuseri kwa khutuku, akulu, ndikuchedwa."

Ana anayi otsalawo akukula. Wachiwiri, mnyamata wa ku sekondale, wayamba kale kulemba dzina la kwawo kwa mayi ake pa makope ake onse.