Moni Umene Amayi Anapereka pa Wailesi

Ine ndine wamantha, ndipo sindibisa. Galu akandiuwa ndimasintha njira, bingu likagunda ndimathawira m'nyumba zovala zili pachingwe. Amayi anga ndiye ayi. Mpaka lero sindimvetsa kuti mayi wouma mtima chotere anabereka bwanji munthu ngati ine.

Mudzi wathu uli m'tsinde mwa phiri, mbali ya kuno ku Phalombe. Chaka chimene napolo anatsika ndi matope ndi miyala, anakokolola nyumba ya amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, eni ake ali momwemo. Tinakumba ndi makasu mpaka manja kuchita matuza, koma sitinawapeze. Pamene panali nyumbayo lero pali miyala ikuluikulu ngati nkhokwe. Kuyambira nthawi imeneyo amayi sankatha tsiku osayang'ana kuphiri. Sankayang'ana mitambo ayi, ankayang'ana mitengo ya kumtunda kwa mtsinje wathu, imene inkangochepa mwezi ndi mwezi.

Odula mitengoyo tinkawadziwa tonse. Anali anyamata ocheka matabwa, ndipo mkulu wawo anali mwana wa amayi a kutsidya kwa mtsinje, anzawo a amayi anga a ponda apa nane ndipondepo, amene anavinidwa nawo limodzi ali atsikana. Koma kudziwa ndi kunena ndi zinthu ziwiri. Bambo wina amene anayesa kuwaneneza anadzuka nkhokwe yake ili phulusa, ndipo palibe anafunsa kuti motowo unachokera kuti.

Wailesi ya m'dera lathu tinkaikonda chifukwa cha nyimbo, mauthenga a maliro ndi pulogalamu ya moni. Amayi anali katswiri wa moni. Akangothira mayunitsi m'kafoni kawo ka mabatani, ankaimba n'kuyamba kundandalika abale kuyambira ku Nkhulambe mpaka ku Mozambiki, wowulutsa mawu mpaka kuwachonderera kuti apatse mpata ena. Kenako kunabwera pulogalamu ina ya Lachinayi masana, yoyendetsa mtsikana wina wa mawu ofatsa koma wosaopa munthu. Ankakamba zimene ife tinkanong'onezana pamjigo: ana aakazi okwatiwa asanakhwime, amasiye olandidwa minda, chimanga cha thandizo chosochera m'njira. Anthu ankaimba foni n'kulankhula pompo, dera lonse likumva. Ine ndinkamvetsera ndithu, koma mwamantha ngati wolankhulayo ndine.

Lachinayi limenelo ndinali pamsika pa Chiringa, pamalo anga a masiku onse, ndi beseni la kalongonda wophika, nyemba zathu za kuno. Pafupi nane pali okonza njinga, ndipo wailesi yawo imakhala yopachika pamtengo, yokweza mpaka kumapeto. Mkulu wa ocheka matabwa uja anali pomwepo, akukonzetsa keliyala ya njinga yake. Mtsikana wa pawailesi ananena kuti nkhani ya lero ndi ya mitengo ya kuphiri, ndipo anachenjeza mobwerezabwereza.

"Musatchule dzina lanu, musatchule mudzi wanu. Ingonenani zimene mwaona."

Anaimba bambo wina, anaimba mphunzitsi wina. Kenako ndinamva kutsokomola kumene ndimakudziwa chibadwire. Mayo ine! Chikho choyezera kalongonda chinandipulumuka.

"Ine dzina sinditchula, mwandiletsa kale," anatero amayi. "Koma maso ndili nawo. Kumtunda kwa mtsinje wathu mitengo yatha. Amakwera ndi macheka, matabwa amatsitsa pamutu, kunsi kuno njinga zikudikira. Si alendo ayi, ndi ana athu omwe, tinawaona akukwawa. Mng'ono wanga ali pansi pa miyala, alibe manda. Nanga mvula ikubwerayi idzatenga ndani?"

Ndinawerama ngati ndikutola kanthu, ndikudzilimbitsa mtima kuti azimayi olankhula Chichewa chopendekera ku Chilomwe ngati amayi ndi ambirimbiri kuno, ndipo otaya abale ndi napolo ali m'mudzi uliwonse. Palibe angawazindikire. Mtsikana uja anathokoza, nati mayi mwalankhula zogwira mtima. Ndinapuma.

"Dikira mwanawe, ndisanadule," anatero amayi. "Ndipereke moni."

"Mayi, mayi, moni tiusiye kaye, pulogalamu ino..."

Aaa, amayi anga ukawaletse moni? "Moni upite kwa mwana wanga wogulitsa kalongonda pa Chiringa, pafupi ndi okonza njinga. Upitenso kwa azimayi anzanga a kwaya. Komanso kwa anzanga a kutsidya amene tinavinidwa limodzi, ndikuti mwendo uja ukupeza bwanji?"

Foni inadulidwa, panalowa nyimbo, koma zinali zitatha kale. Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Abale, wogulitsa kalongonda pafupi ndi okonza njinga ndinali ndekha. Pobisala panalibe.

Mkulu wa ocheka uja anabwera pang'onopang'ono, nanjuta patsogolo pa beseni langa. Anagula chikho chimodzi, nayamba kudya kamodzikamodzi akundiyang'ana.

"Moni wanu wafika, achemwali. Simuyankha?"

Ndinangoyang'ana m'beseni.

"Amayi ali ndi mawu abwino pawailesi," anatero akupukuta zala pabuluku. "Kodi nyumba yanu ija idakali yaudzu eti?"

Sanadikire yankho. Anatenga njinga yake n'kumapita.

Kalongonda wotsalayo ndinabwerera naye. Ndinapeza amayi pakhonde akusenda nandolo, ali phee ngati munthu wochokera ku mapemphero. Ndinatula beseni ndi mkwiyo, ndipo tsiku limenelo ndinawakalipira amayi anga ondibereka.

"Amayi, mwatipha! Mwatipha ndi pakamwa panu!"

"Iwe, dzina ndatchula?"

"Simunatchule."

"Mudzi ndatchula?"

"Koma mwatchula ine! Mwatchula kwaya! Mwatchula amake a munthu yemweyo!"

Anandiyang'ana modabwa zenizeni. "Ndiye umafuna ndilankhule boma lonse likumva, anzanga osawapatsa moni? Azinena kuti ndayamba kunyada chifukwa ndalowa m'wailesi? Ine sindinaleredwe kutchire."

Ndinawauza za funso la nyumba yaudzu. Manja awo anaima pang'ono m'lichero, kenako anapitiriza kusenda.

M'mawa mwake nditatsegula chitseko ndinapeza bokosi la machesi pakhomo, litaikidwa bwinobwino pamwamba pa mwala. Sikuti linagwa m'thumba la munthu ayi, linachita kuikidwa kuti tilione. Ndinalitsegula. Pakati pa timitengo ta machesi panali singano yokhala ndi kaulusi kofiira. Moto ndinkaudziwa, koma singano? Ndinakuwa kuti atilodza. Amayi anabwera, natenga bokosilo, nayang'ana singanoyo nthawi yaitali. Nkhope yawo inagwa, koma sananene za ufiti. Anangolitseka n'kuliika pamwamba pa khoma la khitchini, nati ndisalikhudze.

Masiku otsatirawo sindikufuna kuwakumbukira. Kumsika ndinasiya kupita. Ndinadzaza madzi m'ndowa zonse, m'mapoto, ngakhale m'beseni la kalongonda, n'kuzindandalika kuzungulira nyumba. Tikangomaliza kuphika ndinkathira madzi pamoto mpaka khala lomaliza, amayi akudandaula kuti ndikuwononga nkhuni. Tsamba louma likagwera padenga, ndinkadzambatuka. Fungo la utsi wa kwa aneba linkanditulutsa panja ndikuthamanga.

Ndinawagwadira amayi kuti tipite kwa amalume ku Nkhulambe mpaka zinthu zizizire. Anakana.

"Malo ano anandisiyira amayi anga, iwonso anawasiyira amayi awo. Mng'ono wanga wagona apo. Ndimusiye ndi ndani? Iwe ngati ukufuna pita."

Kupita ndinkafuna, Mulungu akudziwa, koma ndikanawasiya bwanji okha m'nyumba yaudzu?

Mtsikana wa pawailesi anaimba pafoni ya amayi, mawu ake akumveka kuti nayenso sakupeza mtendere. Anapepesa kuti anachedwa kudula. Anafunsa ngati alengeze kuti taopsezedwa, kuti oopsezawo adziwe kuti anthu akuona. Ndinalanda foni n'kumupempha kuti chonde mwana wa eni, usathirenso mafuta pamoto. Anandimvera, koma anati nkhani ya mitengo ipitirira Lachinayi likubwerali, chifukwa anthu ambiri akufuna kulankhulapo. Ndinakhumba wailesiyo itagwidwa ndi mphenzi.

Chimene chinkawawawa amayi sichinali machesi. Kwathu kuno moni sugwera pansi, ukapatsidwa umabweza. Koma azimayi a kwaya anayamba kudzera njira ya kuseri kwa munda wa chinangwa kuti asadutse pakhomo pathu. Pamjigo ndikafika, nkhani zinkatha. Sindikuwanena, nawonso nyumba zawo ndi zaudzu. Kutsidya nako kunali zii. Madzulo amayi ankakhala pakhonde atayang'ana kumeneko, n'kumalankhula okha kuti kapena anzawo sanamve, kapena mabatire anawathera. Zinkandimvetsa chisoni kuposa mantha anga omwe.

Lachinayi litafika ndinabisa wailesi m'dengu la makaka, chinangwa chouma chija. Amayi anaipeza, naiika pakhonde, naikweza. Ndinakhala pambali pawo maso ali kunjira. Anthu anaimba ambiri. Wina anati ochekawo nawonso ali ndi ana ofuna kudya, awapezere chochita china. Wina anati kumudzi kwawo ayamba kulondera mitengo mosinthana. Mtsikana uja ankapatsa mpata aliyense, akukumbutsa kuti lero moni ayi. Pulogalamu ili pafupi kutha, kunamveka mawu a mayi wokalamba, akupuma movutikira.

"Mwanawe, za mitengo ine sindidziwa kulankhula. Ndamva kuti waletsa moni, koma ine sindikupereka, ndikubweza. Ndachedwa chifukwa kunyumba foni anandibisira, iyi ndabwereka. Anzanga amene munandifunsa za mwendo, moni wanu ndinaulandira. Mwendo ukupweteka ndithu, koma ukuyenda. Ndamva kuti simukugona. Konzani malo, ndikubwera kudzagona konko."

Ulendo uno mtsikana uja sanadule. Amayi anavundikira nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ine ndinkangoganiza kuti mwana wawo naye wamva, ndipo sindinadziwe ngati zimenezi zitipulumutse kapena zitimalize.

Dzuwa likupendeka tinawaona akuwoloka mtsinje, mkeka pamutu, ndodo m'manja, akutsimphina. Sanadzere kuseri. Anadutsa pakati pa mudzi, akupereka moni khomo lililonse, anthu akusuzumira. Atafika anakhala pansi, napatsana moni ndi amayi m'Chilomwe, mwa chifatse, kufunsana za thupi, za mbuzi, za nandolo, ngati palibe chachitika. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwanawe, ndamva zimene anthu akunena, zoti mwana wanga akufuna kukuotcherani nyumba. Kucheka amacheka, sindikana, ndipo ndalankhula mpaka kutopa. Koma moto? Ayi. Ameneyo amayi akowa anamubereka kumsana ine ndikudwala. Wadya m'nyumba muno. Pakamwa pokha ndiye ali napo, koma sangachite zimenezo. Ndabwera kuti anthu aone kuti ndi mabodza."

Amayi anangondiuza kuti ndiwaphikire tiyi alendo.

Tinalowa m'khitchini, chifukwa kunja kunayamba kuzizira. Moto ndinali nditauthira madzi monga mwa masiku amenewo, ndipo machesi athu anali atatha ndi kuyatsayatsa kwangako. Kupita kukapala moto kwa aneba ndinachita manyazi. Mawu a mayi aja anali atandipepula mtima, moti ndinaiwala zimene amayi anandiletsa. Ndinatambasula dzanja pamwamba pa khoma.

"Iwe, osati amenewo!" anakuwa amayi.

Koma amayi a kutsidya anali atalandira kale, akuti bweretsa ndiyatse ine. Anatsegula bokosilo. Ndinaona chala chawo chikuima. Anatulutsa singano ija, naiyang'ana, nayang'ana amayi, nayang'ana ine.

"Mwawatenga kuti machesi amenewa?"

Amayi anawerama. Ndinayankha ndine, mawu akutuluka pang'onopang'ono, kuti tinawapeza pakhomo m'mawa wa tsiku lotsatira pulogalamu ija.

"Singano yanga iyi," anatero. "Ndimachotsera minga. Ndimaisunga m'machesi kuti isasowe, ulusiwu ndinamanga ndekha. Sabata yonse ndakhala ndikuwafuna m'khitchini mwanga."

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti amayi anaidziwa singanoyo tsiku loyamba lomwe, ndipo anaibisa kuti anzawo asadzaione. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Mayi aja sanalire. Anabaya singanoyo m'mphepete mwa duku lawo, nasonkhanitsa tinkhuni touma. Kamtengo koyamba kanathyoka, kachiwiri kanazima, kenako moto unagwira. Anauzira mpaka utayaka bwino, naika poto.

"Mkeka wanga uyale m'kati, pakhomo penipeni," anandiuza. "Ndipo mawa ukapite kumsika. Aliyense akakufunsa, umuuze pamene ndikugona."

M'mawa mwake ndinapita. Mwana wawo anali pa okonza njinga. Sanandifunse kanthu, koma ndinanena ndithu, mokweza, ngati ndikuuza mayi wogulitsa tomato, kuti amayi a kutsidya akugona pakhomo pathu m'kati. Mwana wawoyo anaimirira, nakankha njinga yake osacheuka.

Amayi a kutsidya anakhala nafe dzinja lonse, mpaka chimanga chinacha. Macheka kuphiri sanatheretu, ndipo ine mvula ikamagwa usiku sindigonabe. Pulogalamu ija ikupitirira, amayi amaimbabe, ine ndimatuluka panja kuti ndisamve. Nyumba yathu sinapse, ili pomwepo ndi udzu wake. Mwana wawo uja anasamukira kwa akazi ake, ndipo akakumana ndi amake panjira amayang'ana kumbali. Iwo amaima, kutsamira ndodo, n'kumupatsa moni. Mpaka lero sanabwezepo.