Overton Walamineta Chigayo

Overton Kachiwanda wa ku Mponela anali munthu wosamala zinthu, ndipo kusamala kwakeko nthawi zina kunkapitirira nzeru. Pepala lililonse lofunika likafika m'manja mwake ankalilamineta: satifiketi ya fomu folo, khadi la kusikelo la mwana wake Dorcas, ngakhale kalata imene mkazi wake Nelia anamulembera pomulola. Anakhala pa geti ya kompaundi ina ku Al Waab, m'dziko la Qatar, zaka zinayi, akutsegulira magalimoto a anthu osamudziwa n'dzina lomwe. Kontirakiti yake inkatha mu Seputembala, ndipo anali atalonjeza Nelia ndi mwana kuti ulendo uno akubwerera kwawo osadzakweranso ndege. Chinkasowa ndi mpamba wa chigayo. Kubwerera wopanda chigayo kunali kukakhala pakhonde apongozi akufunsa ngati ku Qatar kuja anapitira kukaona ngamila.

M'nyumba nambala 14 munkakhala a Terrence, injiniya wachikulire wa ku America, munthu woti akapeza khutu salisiya. Tsiku lina anamuonetsa Overton makhadi otsekeredwa m'mapulasitiki olimba, lililonse lili ndi nkhope ya wosewera besibo ya chaka chimene anayamba kusewera. Anati kwawo kuli akatswiri amene amaliunika khadi, kulipatsa giredi, n'kulitsekera, ndipo akalekale amakwera mtengo chaka ndi chaka. Wosauka naye atha kuyamba ndi otchipa.

Besiboyo Overton anali asanaionepo. Ataiona pa foni anaizindikira msanga: ndi raundasi yomwe ija atsikana ankasewera ku pulayimale, kungoti azungu amavala zipewa n'kumalipidwa. Koma mawu oti kukwera mtengo anamulowa mpaka m'mafupa. Anakakamiza Chawezi, dalaivala wogona naye chipinda chimodzi, kuti amuthandize kuoda pa intaneti.

"Amwene, taonani!" anakuwa Overton. "Ma grade one ndi two ndi amene ali cheap! Ma distinction pa mtengo wa bonya. Azunguwa anapita ku school koma?"

"Mwina ndi promotion," anatero Chawezi. "Yalla, fulumirani, odani asanazindikire."

Musawaseke msanga. Aliyense amene analemba mayeso a fomu folo akudziwa kuti wani ndiye patali, naini ndiye kulira. Overton anaoda asanu ndi awiri, n'kukhala milungu itatu akuyenda ngati mwini kompaundi. Atafika makhadiwo, lina linali lopindika pakati, lina lodontheredwa khofi, lina looneka kuti khoswe analawako. A Terrence anaseka mpaka kugwira chipata. Kwawo, anati, teni ndiye pamwamba, wani ndi khadi loti langopulumuka.

"Ndiye kuti kwanu mwana akapeza naini mumamuphera nkhuku, bwana?" anafunsa Overton, mtima ukuwawa.

Kaya ndi chisoni kaya ndi manyazi a kuseka kuja, a Terrence sanaiwale. Mu Ogasiti, akulongedza katundu kuti azikapuma kwawo, anamuitana Overton n'kumupatsa khadi limodzi la m'bokosi la malemu bambo awo. Linali la zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, loyera bwino, la mnyamata wa makutu aakulu atanyamula chibonga paphewa.

"Ili silinapatsidwe giredi, koma ine ndikuona eyiti," anatero. "Likangolowa mu pulasitiki, chigayo chako chatheka. Ubwere Loweruka tidzalembe mafomu, tilitumize ku America. Zimatenga miyezi itatu."

Overton anathokoza mpaka kugwada, koma pobwerera ku geti mutu unayamba kugwira ntchito, ndipo mutu wa Overton ukayamba kugwira ntchito ndi pamene pamafunika kumugwira. Miyezi itatu, kontirakiti itatsala ndi milungu isanu? Ndiponso munthu amene anatumizapo nsapato kumudzi n'kufika imodzi, angaike chigayo chathunthu mu envelopu? Giredi a Terrence anali atanena kale. Chotsala chinali pulasitiki basi, ndipo za pulasitiki panalibe wophunzitsa Overton.

Lachisanu, tsiku lake lopuma, anapita kwa Khalidi, mwini kashopu ka fotokope amene ankamulaminetera mapepala onse.

"Mafi mushkila, habibi," anatero Khalidi, kutanthauza kuti palibe vuto.

Overton anasankha pulasitiki yokhuthala kwambiri, ya ma riyal asanu. Anauza Khalidi asindikize kapepala kolembedwa 8 akaike pamwamba. Mnyamata wa makutu uja analowa m'makina otentha, n'kutuluka mbali inayo akunyezimira. Khalidi, posafuna kuti kasitomala wake wakale adzadzibaye, anadula makona onse anayi ndi sizasi mpaka m'khadi momwe, mwaulere.

Loweruka m'mawa Overton anagogoda pa nambala 14 atavala yunifolomu yosita.

"Bwana, ndakupeputsirani ntchito. Za ku America zija khalas, zatha."

A Terrence analandira khadilo, kulitembenuza, kulitembenuzanso, kenako anakhala pansi pa sutikesi. Ulendo uno sanaseke. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti pulasitiki ya akatswiri ndi kabokosi chabe, khadi limangogona m'kati osamatidwa. Iyi yamatirira ku pepala, ndipo poichotsa ichoka ndi nkhope yomwe. Palibe angaligule.

"Nanga titaliviika m'madzi ofunda?" anafunsa Overton.

A Terrence anangopukusa mutu, maso ali pa khadi la bambo awo. Apa ndi pamene Overton anamva chisoni chenicheni, cha iye mwini ndi cha mkuluyo, ndipo anasowa poyang'ana. Chawezi, amene amaseka ngakhale pa maliro, atamva nkhaniyi anangoti "aise" n'kutuluka panja.

Lamlungu Overton anapita ku ofesi ya kampani n'kusayina zaka zina ziwiri. Pa nthawi ya nkhomaliro anakhala m'kanyumba ka pa geti, dzuwa likuswa mtengo kunja, n'kuimbira Nelia. Anayamba ndi raundasi, anadzera ku makutu a mnyamata uja, anazungulira kwa Khalidi, mpaka Nelia anamudula.

"Bambo a Dorcas, mukubwera kapena simukubwera?"

"Ndapanga renew, mayi a Dorcas. Two years."

Overton ankamva nkhuku zikulira kuseri kwa foni, ndipo akanakonda Nelia akanamukalipira.

"Chabwino," anatero Nelia. "Koma ine sindimuuza. Mumuuze nokha, ali pompano."

Foni inakwekwesa posinthana manja, kenako kunamveka kupuma kwa mwana amene wabwera chothamanga.

"Adadi! Mwanyamuka?"