Tsiku Limene Wailesi Inatafuna Tepi ya Ukwati

Ndikukumbukira, ee, ndikukumbukira bwino lomwe! Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwana wa ku Zakazaka, mapazi mbuu ndi fumbi. Sukulu ndinali nditasiyira Sitandade 2, poti amayi ankafuna wowagulitsira mtedza wokazinga. Malo anga anali pakhomo pa holo ina m'tauni, momwe Loweruka masana ankaonetsa kanema. Mazenera ankatchinga ndi mabulangete kuti mude. Ine kulowa ayi. Ndinkakhala kunja, lichero pamiyendo, khutu kukhoma.

Kanema wina anamubwereza milungu yambirimbiri. Chizungu chake sindinkamva, nkhope za anthu ake sindinazione. Koma nyimbo yake, mayo ine, nyimbo yake! Inalibe mawu ngakhale amodzi. Inkayamba ndi liwu lalikulu lapansipansi, likuyenda pang'onopang'ono ngati mayi wotsika phiri la Zomba ndi mtolo wa nkhuni. Kenako kankabwera kaliwu kakang'ono pamwamba pake, kenako kena, kenanso kena, kumathamangitsana ngati timitsinje ta m'phirimo mvula ikagwa. Ndinaimeza yonse. Potunga madzi ndili nayo, posenda mtedza ndili nayo.

Amayi inkawatopetsa. "Meriya, ukung'ung'uza chiyani ngati njuchi ya m'botolo? Nyimbo yopanda mawu ndi nyimbo imeneyo? Ngati ukufuna kuimba, pita kukwaya."

Ndinapitadi. Woyang'anira kwaya ya kutchalitchi kwathu anali a Likaka, bambo wa magalasi ndi tayi. Anandipatsa buku la nyimbo, ine n'kuligwira chadodolido. Atsikana anaseka mpaka misozi. A Likaka anandilanda bukulo mwaulemu, amvekere, "Mwanawe, kwaya ndi ya owerenga." Ndinabwerera kunyumba ndikulira njira yonse.

Chaka chomwecho achemwali anga a Esinati anapeza banja. Alamu anali a Layisoni, kalipentala wa ku Chikamveka. Awiriwo anali ataonera kanema uja ali pachibwenzi, ndipo achemwali anati, "Ine m'tchalitchi ndidzalowa ndi nyimbo imene ija, ina ayi." Alamu anapempha bambo woonetsa kanema kuti awajambulire pa kaseti. Milungu itatu aperekezi ankaphunzira sitepe pansi pa mtengo wa mango: kuponda katatu, kuima, kuponda katatu, kuima. Ine pamzerepo panalibe, nsalu ya madiresi inathera pa anzanga. Ndinkangoonerera, njuchi yanga ili ng'ung'ung'u chamumtima.

Tsikulo linafika, Loweruka m'mawa, tchalitchi chodzaza thothotho. Kutsogolo kunakhala azakhali a mkwati, mayi wa lilime lakuthwa, amene anali atanena kale kuti mwana wawo akukwatira kwa "a mtedza". Wailesi anaiika pampando pakhomo. Mng'ono wa alamu anadina. Nyimbo inayamba bwinobwino, aperekezi n'kulowa, kuponda katatu, kuima. Mwadzidzidzi, ngwiii! Zii. Wailesi yatafuna tepi.

Anaitulutsa ili lendelende ngati matumbo a nkhuku. Anayesa kuikulunga ndi bolopeni, iyo n'kuduka. Aperekezi anangoti chilili pakati pa tchalitchi, ana aang'ono mwendo umodzi uli m'mwamba. A Likaka anayambitsa nyimbo ya m'buku kuti apulumutse zinthu, koma inali yothamanga, sitepe sinagwirizane. Ana anagundana, kamtsikana konyamula maluwa kanagwa n'kuyamba kulira.

Azakhali aja anayankhula mokweza kuti aliyense amve: "Tinanena ife! Za m'kanema m'nyumba ya Mulungu? Onani tsopano a mtedza!"

Ndinayang'ana kukhomo. Achemwali anali ataima pomwepo, ndipo ndinawaona akuyamba kutembenuka kuti athawe. Amayi ananditsina pantchafu, kutsina kwenikweni.

"Meriya, njuchi ija ili kuti?"

"Amayi, si munati si nyimbo?"

"Ndati itulutse!"

Ndinakwera pabenchi. Ndinatseka maso n'kuona khoma la holo lija. Ndinayamba ndi liwu lapansi, mayi wa nkhuni uja, pang'onopang'ono: duu, duu, duu, duu. Poyamba anthu anaseka. Koma ana a pamzere anaizindikira, miyendo yawo inaidziwa. Kuponda katatu, kuima! Kuponda katatu, kuima!

Vuto linali limodzi: nyimboyo ili ndi maliwu ambiri, ine pakamwa ndi pamodzi. Nditafika poti kaliwu kapamwamba kalowe, lapansi lija ndikanalisiyira ndani? Pomwepo ndinamva kumbuyo kwanga, duu, duu, duu, duu. A Likaka! Bambo uja anali atamvetsera kawiri kokha, waligwira, waika buku pansi, akukodola azibambo a besi kuti amutsatire. Ine ndiye ndinakwera, ndinakwera, ndinauluka! Azimayi a kwaya anandithamangira pambuyo ngati timitsinje tija. Nditatsegula maso, achemwali anali pakati pa tchalitchi, mutu uli chilili, akuyenda ngati mfumukazi. Nthungululu zinang'amba malata. Ngakhale azakhali aja ndinawaona phazi likugunda pansi, okha osadziwa.

Titatuluka, a Likaka anandiitana. "Mwanawe, nyimbo imeneyi unaiwerenga kuti?"

"Pakhoma la holo, abambo."

Anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi tayi. "Lachitatu ubwere kukwaya. Buku usavutike nalo."

Ndinapita Lachitatu limenelo, ndipo mpaka lero sindinachoke. Imvi zandimerera ndili pa mzere woyamba.

Mwezi wathawu ndinali kwa mwana wanga ku Masongola. Pa TV ankatsatsa malonda, ndipo mwadzidzidzi, duu, duu, duu, duu! Ndinadzuka ngati ndalumidwa ndi linthumbu, ndi kuimba yonse mpaka kumapeto, a pa TV aja atailekeza pakati. Mdzukulu wanga Tadala anaisaka pa foni. Akuti nyimboyo si ya kanema uja ayi, kanema anangoibwereka. Anaipeka mzungu wina kalekale, agogo a agogo anga asanabadwe. Anandionetsa oimba ake, gulu lonse lovala zakuda, zoimbira za zingwe zili pakhosi, aliyense pepala lake patsogolo.

"Agogo, onsewa akuwerenga," anatero Tadala. "Inu munatha bwanji?"

Ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Kuwerenga n'kwabwino, ana inu, musakusiye. Inenso ndinakapita kusukulu ya kwacha ndili ndi ana atatu, ndipo lero buku ndimaligwira choongoka. Koma chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti pepala ndi lichero chabe, losungiramo. Khutu nalonso ndi lichero. Mzungu uja anasunga nyimbo yake papepala, inawoloka nyanja, inalowa m'kanema, inadutsa khoma, n'kugwera mwa mwana wogulitsa mtedza. Tepi inaduka, koma achemwali anga anakafika kuguwa. Anafika ndi pakamwa pangapa!