Njinga yopukusa mutu ndi chala cha amuna anga

Amuna anga ku galaja amawatchula kuti Amafunso, ndipo dzinali silinabwere mwaulemu. Akonza njinga zamoto zaka makumi atatu ndi zinayi, koma sagwira sipanala asanamutopetse mwini njinga ndi mafunso. Ngakhale pondifunsira ine anachita zomwezo kwa miyezi isanu ndi itatu, mpaka mayi anga anadabwa ngati munthuyu akufuna mkazi kapena mboni.

Chaka chatha maso awo anayamba kuchita ng'ala. Kanati ka njinga kakagwa pansi ankakafuna ndi manja atagwada. Mwini galaja, mwana wa malemu bwana wawo wakale, anawauza kuti mwezi ukatha akapume, ntchito ikufuna anthu achangu. Iwo anandiuza nkhaniyi akuvula nsapato, mawu ali phee, ndipo ine ndinapsa mtima m'malo mwawo. Munthu amene ngakhale Lamlungu amasowa pogwira, kumukhazika pakhomo kukanakhala kumupha.

Kutatsala masiku atatu anaiwala mankhwala a m'maso, ndiye ndinawapititsira. Ndinapeza galaja yonse itazungulira chinjinga chachikulu cha maulendo ataliatali. Eni ake, bambo wina wandevu za imvi ndi mkazi wake, anali pa benchi, mabokosi atatu ndi zikwama zili mbwee pansi. Njingayo inkati ikafika pa liwiro lina, kutsogolo kunkagwedezeka, kupukusa mutu ngati mwana wokana mankhwala, ndipo dzulo lake inatsala pang'ono kuwaponya m'ngalande. Amakaniko awiri anali atasintha tayala, kupopa mpweya, kukwera n'kubwerako akuti yachira. Eni ake atakwera, matenda anali omwewo, kawiri konse.

Amuna anga anali pakona akutsuka zitsulo mu palafini, poti ndiyo ntchito imene inawatsalira. Mwini galaja, thukuta lili kamukamu, anawatembenukira.

"Madala, tabwerani muoneko. Koma chonde, mafunso achepe."

Anapukuta manja n'kupita kwa mwini njinga, njingayo osaiyang'ana n'komwe.

"Bambo, imayamba pa liwiro lanji?"

"Cha m'ma eyite."

"Mukamaonjezera moto kapena mukasiya?"

"Makamaka ndikasiya."

"Muli nokha inachitapo?"

Bamboyo anakanda ndevu. "Ndekha sindikumbukira. Paulendowu tili awiri tsiku lililonse."

Amuna anga anatembenukira amakaniko aja. "Nanga inu anzanga, poyesa munakwera ndi katundu?"

Mmodzi anayankha chapansipansi kuti katundu anatsitsa kuti agwire bwino ntchito.

"Ndiye mwakhala mukuyesa njinga ina," anatero. "Yodwalayo ndi imene yanyamula anthu awiri ndi nyumba yawo yonse."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Safunsa anadya phula.

Analamula kuti katundu yense abwerere m'malo mwake, ndipo awiriwo akwere njinga ili chiimire. Kumbuyo kunatsika, kutsogolo kunapepuka moti ngakhale ine wosadziwa ndinaona. M'bokosi lapamwamba, kumbuyo kwenikweni, munali chitofu cha gasi, zipangizo ndi mabotolo a madzi. Mayi uja anati amunawo ndiwo amalongeza, iye amangouzidwa kuti akhale bwino.

Kenako anawatsitsa, n'kukweza tayala la kutsogolo ndi jeke. Anatseka maso, omwewo amene ankanenedwa kuti atha, n'kukankha handulo ndi chala chimodzi, kuchoka kumanzere kupita kumanja, pang'onopang'ono. Atafika pakati anaima. Anabwereza, anaimanso pomwepo.

"Bwana, tabweretsani chala."

Mwini galaja anagwira ndi dzanja lonse. Iwo anamufumbatula, n'kumusiyira chala chimodzi. Koyamba sanamve kanthu, kachiwirinso ayi. Kachitatu nkhope yake inasintha.

"Ikukodwa pakati."

"Mabelingi a pakhosi akumbika," anatero amuna anga. "Munthu akakhala yekha, kulemera kumapondereza kutsogolo, vuto limabisala. Mukaunjika katundu kumbuyo, mutu umapepuka n'kuyamba kuvina. Tayala lija munalinamizira."

Atamasula, chitsulo chinapezeka ndi timaenje mzere wonse. Anaika mabelingi atsopano, kupaka girisi, ndipo nati yomaliza anamanga okha, kumanga pang'ono, kuyesa ndi chala, kumanganso. Zolemera zonse anazitsitsira m'mabokosi a m'mbali. Awiriwo anapita kukayesa ali ndi katundu wawo. Atabwerako, mayi uja sanadikire n'komwe kuvula chipewa. Anathamangira amuna anga n'kuwagwira manja onse awiri, girisi ndi zonse.

Ndinanyada, sindibisa. Ndinaima pamenepo ndi kabotolo ka mankhwala, mtima uli m'mwamba, ndikudikira kuti mwini galaja anene mawu. Koma iye anangolowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Ndinabwerera kunyumba ndikulankhula ndekha njira yonse.

Tsiku lomaliza la mwezi, Lachisanu, amuna anga anafika madzulo atanyamula ovololo yawo m'pepala la pulasitiki. Mumtima ndinati basi, ntchito yatha. Ndinalandira pepalalo osafunsa, misozi ili pafupi.

"Mayi, muichape mawa m'mamawa kuti iume," anatero akukhala pansi. "Lolemba ndiivala. Bwana akuti njinga iliyonse ikalowa, izidzera kaye kwa ine."

Ndinaichapa kawiri, n'kuiyanika pa chingwe cha kumaso kwa nyumba, kumene kumadutsa anthu.