Tsiku Limene a Thovu Analera Chigubu

Alamu anga, ang'ono awo a malemu amuna anga, ndi okonza mipope ya madzi, koma mumsewu mwathu timawatchula kuti a Thovu. Amafulula mowa m'galaja mwawo, kuseri kwa njinga ndi zidutswa za mapaipi. Ukapsa amauthira m'zigubu zachitsulo, n'kulumikiza silinda ya mpweya kuti ukamatsanulidwa uzithetheka. Sagulitsa. Chowasangalatsa n'kuona munthu akupukuta thovu pamlomo.

Lachisanu, ukwati wa mwana wawo wamkazi uli mawa lake, ndinawapeza atakhala pa ndowa, tambula ili m'manja. Mowa unali zii ngati tiyi wadzulo. Labala ya pachivindikiro inali itang'ambika, ndipo mpweya wa sabata yonse unathawira pamenepo. Labalayo anaisintha, koma mowa umafuna masiku angapo kuti umwe mpweya.

"Akuchimuna ndinawauza kuti asagule wa m'botolo," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye kuyambira mawa ndinu a Madzi," akazi awo anayankha ali pakhomo, akusoka mpendero wa diresi.

Ine pagulu sindiyankhula. Koma zigubuzo zinali za amuna anga, ndipo kwa zaka zambiri ndinkasitira zovala pafupi pamene ankafululira.

"Alamu, akulu anu zikatere ankachilera."

"Kulera chiyani?"

"Chigubucho. Chizizire kaye m'firiji, chifukwa mowa wofunda umakana mpweya. Kenako muonjezere mpweyawo, muchigoneke pamiyendo ngati khanda, muzichigwedeza. Chizilira m'kati. Chikayamba kutonthola, chakhuta."

Masana chitazizira, anachigoneka pamiyendo. Bambo wa ndevu zaimvi, ovolosi ili ndi dzimbiri m'mawondo, akugwedeza chitsulo uku khutu ali tcheru. M'kati munkamveka kubwata. Posakhalitsa anayamba kuchiimbira.

"Ana anu enieni simunawanyamulepo chonchi," anatero akazi awo.

"Aja ankandikodzera, mayi. Uyu ndi waulemu."

Chachiwiri ndinalera ndine, mpaka miyendo dzanzi. Tinazibwezera m'firiji kuti zigone.

Pa ukwatipo alamu anatsanula tambula yoyamba. Thovu linakwera loyera, n'kuima pamwamba osasefukira. Bambo a mkwati anamwa, n'kupukuta ndevu ndi kuseri kwa dzanja, n'kufunsa chinsinsi chake.

Alamu analoza kumene ndinabisala, kuseri kwa mulu wa mbale.

"Funsani azamba a mowawu."